Thabwa la Masiye

Tamanda anakwera pampando n'kuyamba kumasula thabwa limene linapachikidwa pakhoma. Mawa lake kunali chionetsero cha sayansi kusukulu kwawo ku Lifuwu, ndipo iye anali atalembetsa kale kuti adzabwera nalo.

Thabwalo analipanga ndi achimwene ake, a Masiye, asanamwalire pangozi ya minibasi ku Khombedza. Kunsi kwake anamatako timbale tachitsulo tating'ono timene timatulutsa magetsi pang'ono tikafinyika, n'kulumikiza mawaya kukafika ku kababu. Munthu akaponda, kababuko kankawala. Koma chiikire maliro, amayi analipachika pafupi ndi chithunzi cha malemuyo, ndipo m'mawa uliwonse ankalipukuta fumbi.

"Chinthu cha mwana wanga anthu azichiponda ndi mapazi, ine ndili moyo?" anatero amayi dzulo lake. "Aphunzitsi akowo akapondetse zawo!"

Tamanda analiika pakhomo kuti angoliyesa amayiwo asanabwere kumunda. Kababu anakakoleka pamsomali wa pachitseko. Anaponda, koma kunali zii. Atalitembenuza anapeza waya wina atathothoka. Anamulumikiza, n'kubwezera thabwalo pansi.

"Iwe Tamanda, dzanditule!"

Amayi anali atafika kale pakhonde, thumba la mpunga lili pamutu, khosi lili gwa, osatha kuyang'ana pansi.

"Amayi, taimani kaye!"

Anachedwa. Phazi lamatope linatera pathabwa, ndipo kababu kanawala ngwee pamaso pawo penipeni, kenaka n'kuzima.

Tamanda anawatula thumba, akudikira mbama. Amayi anayang'ana pakhoma popanda kanthu, n'kuyang'ana chidindo cha phazi lawo pathabwa.

"Ankandiseka mwana ameneyu," anatero motsitsa mawu. "Ati, 'Amayi, mmene mumayenderamu, mapazi anuwa akhoza kuyatsa Salima yense.' Ine n'kumati wasokonezeka ndi sukulu."

Anatukula phazi n'kupondanso. Kababu kanawala. Anapondanso ndi linalo, kenaka linalo, ngati akupuntha mpunga, misozi ikutsikira m'chibwano. Tamanda sanawaletse.

Atatopa anatsikapo, nadzipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Chionetserocho chiyamba nthawi yanji?"

"Naini koloko, amayi."

"Undidzutse, tinyamulire limodzi. Ndipo anzakowo ukawauze asamaponde ngati akuopa minga. Aziponda mwamphamvu."