Supuni ya Amayi pa Wayilesi

Anzanga, ndili ndi nkhani, mtima ukuchita kugunda! Koma dikirani, ndiyambe ndi Sikelo.

Sikelo ndi makina owerenga nkhani pa wayilesi, amene analowa m'malo mwa atolankhani. Sakondera. Mbali imodzi ya mlandu ikayankhula, iye amatsegula maikolofoni kwa mbali inayo kwa nthawi yofanana ndendende, kaya kuli woyankhula kaya kulibe.

Mlandu wake ndi wa amayi anga, a Nachisale. Iwo analemba pulogalamu ya pakompyuta youza alimi tsiku lodzala, ndiye kampani ya Nthanda ikuti mizere ina ya pulogalamuyo ndi yake. Khoti linalanda foni ndi kompyuta ya amayi, n'kuwaletsa kutulutsa liwu lililonse pa wayilesi. Anansi anaopa kuitanidwa ngati mboni, basi anasiya kufika pakhomo. Ine kuno kusukulu yogonera, teremu yonse osamva mawu awo.

Masana aliwonse ndimakhala ndekha kuseri kwa laibulale ndi kawayilesi kanga. Loya wa Nthanda, yemwenso ndi makina, amayankhula osapumira. Kenako Sikelo amati, "Tsopano mbali ya a Nachisale." Amatsegula maikolofoni imene inaikidwa m'nyumba mwa amayi, ndiye zii.

Tsiku lina mnzanga Ulemu anandipeza, n'kuyamba kundiseka. "Iwe Mwatitha, wapenga? Ukumvera wayilesi yakufa?"

"Khala chete. Wamva? Supuni."

Supuni imodzi ikutakasa tiyi m'kapu imodzi. Patapata kupita kukhomo, kuima, kubwerera.

"Ndi amayi ako amenewo? Okhaokha?" Ulemu sanasekenso. Anangokhala pansi pambali panga.

Ndiye lero! Sikelo atangotsegula mbali ya amayi, tamva mawu achilendo: "Odi kuno!"

Ine ndamukanikiza Ulemu padzanja mpaka wakuwa.

"Ndife alimi ochokera ku Mitundu, mayi," anatero bambo wina. "Za mlandu sitifunsa ayi. Tangotopa kumva supuni imodzi pa wayilesi."

"Makapu tabwera ndi athu, musavutike," anawonjezera mayi wina.

Mipando kukhwekhwereza, mwana kulira, nkhuku kuthamangitsidwa. Amayi sanayankhule, lamulo analisunga. Koma anaseka! Kuseka kwawo kuja kothera m'kutsokomola, ndakumva ndi makutu angawa, dziko lonse lakumva!

Pomwepo loya wa Nthanda anadandaula kuti izi n'zokondera. Sikelo anavomera. Anati popeza omvera amva za m'nyumba ya mbali imodzi, amvenso za m'nyumba ya mbali inayo. Anamuzimitsa loyayo, n'kutsegula maikolofoni mu ofesi ya Nthanda.

Tinatchera khutu. Fani yoziziritsa makompyuta, fuu. Palibe mpando, palibe wotsokomola, palibe ndi supuni yomwe.

Mlandu sunathe, ndipo mwina amayi adzaluza. Koma mawa ndipitanso kuseri kwa laibulale, ndikamvere mbali zonse ziwiri. Ndikufuna ndimve ngati kuli munthu amene adzapite kuofesi kuja kukanena odi.