Kapepala ka Malemu Wendell Pardy

Ine si munthu wa nkhani za mizukwa. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa malipiro zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa fakitale ya nkhanu ya kwathu kuno ku Newfoundland, ndipo munthu wokhalira manambala sachedwa kuseka zoterezi. Koma zimene ndikunenazi zinachitika, ndipo sindinali ndekha. Myrtle Hynes, amene ankasesa m'maofesi mwathu, analipo. Akadali moyo, amakhala kuseri kwa tchalitchi, mukhoza kukamufunsa.

February ndi mwezi wa mapepala a msonkho. Wantchito aliyense amayenera kulandira kake mwezi usanathe, ndipo zimene zalembedwapo zimapitanso ku boma. Pa kapepalako pali timabokosi tambiri, koma kwa anthu akwathu tofunika ndi tiwiri. Ka nambala 24 kamaonetsa malipiro amene munthu anadulidwapo inshuwalansi ya ulova, imene imatidyetsa fakitale ikatseka nyengo yozizira. Ka nambala 26 kamaonetsa malipiro owerengedwa pa penshoni. Munthu akhoza kuthyoka msana chaka chathunthu, koma ngati m'timabokosi timeneti mulibe kanthu, kwa boma ndiye kuti anangokhala.

Bwana wathu, a Hedley Snook, anali ndi kachitidwe kawo. Amuna ena a padoko sankawalemba m'buku la malipiro. Ankawapatsa ndalama pamanja, mu envelopu, Lachisanu lililonse, osadula kalikonse. Amunawo ankakondwa chifukwa envelopu inkanenepa, bwana nawonso ankakondwa chifukwa sankasonkha gawo lawo. Womata maenvelopuwo ndinali ine, ndipo m'buku ndinkalemba kuti zokonzera doko. Sindinama, sizinkandisowetsa tulo.

Mmodzi wa amunawo anali Wendell Pardy, munthu wamtali wosachedwa kuseka, amene ankakoka mabokosi a nyambo ndi kukonza chilichonse chothyoka. Ofesi yanga inali ndi kazenera ka thabwa koyang'ana m'khonde la mkati, kolandirirapo malipiro. Iye akafika ankagogoda kawiri ndi mphete yake, n'kufunsa kuti, "Glenys, chilipo cha ife amphawi?" Mu November anaterereka padoko n'kugwera m'nyanja. Anamuvuula tsiku lotsatira.

Mu January mkazi wake, Rowena, anabwera ku ofesi ndi kalata. A penshoni anamuuza kuti zaka zimene mwamuna wake anasonkha zikuperewera ndi chimodzi chokha kuti iye alandire penshoni ya amasiye. Anati ngati kapepala ka chaka chathachi katuluka, zonse zikhala bwino. Rowena ali ndi chiuno chovuta, sangagwire ntchito. Popanda penshoniyo akanagulitsa nyumba n'kukakhala m'chipinda cha pansi kwa mwana wake kutali ku Alberta. Sanakalipe. Anangoti, "Paja iwe unkamuona tsiku lililonse, eti?" Ndinamuyankha kuti ndiona, n'kuyang'ana kumbali.

Nditawauza bwana, sanakweze n'komwe mawu. Anati ndikalemba mmodzi, a boma abwera kudzafunsa za onse, adzatilipiritsa za zaka zonse, ndipo fakitale itseka. "Anthu 73 amenewo, Glenys, kuphatikizapo mwana wako. Ukawauze wekha." Ndinakwiya nawo kwambiri, makamaka chifukwa sankanama. Ndikalemba, mudzi wonse ugona ndi njala. Ndikapanda kulemba, Rowena achoka m'nyumba mwake. Ndinasankha kukhala chete, ndipo ndikakumana naye m'sitolo ndinkakhotera ku mashelefu a sopo.

Linafika Lachisanu lomaliza la February. Chipale chofewa chinayamba kugwa masana ndi mphepo yamphamvu. Bwana anathawira kwawo msanga, foni ndi intaneti zinafa cha m'ma 1 koloko, tinatsala awiri, ine ndi Myrtle. Pofika 4 koloko kunja kunali kutada. Pa kompyuta panali mayina 73. Ndinasindikiza mapepala n'kuyamba kuwawerenga, monga ndinkachitira chaka chilichonse, chala chonyowetsa ndi malovu.

Anakwana 74.

Ndinawerenganso. Ndinamupatsa Myrtle kuti awerenge. Anaseka, nati ukalamba wandipeza, kenaka anawerenga n'kusiya kuseka. Kapepala komaliza kanali ndi dzina la Wendell Pardy, nambala yake ya boma ndi keyala yake, zonse zolondola. Timabokosi tonse tinali topanda kanthu. Ndipo kanali konyowa. Mapepala ena onse anali ofunda, ochokera m'makina, koma ako kanali kozizira, inki ya dzinalo itayamba kuyenderera.

Ndinakang'amba n'kukaponya m'bini. Ndinauza Myrtle kuti makinawa ndi akale, tiyeni tizipita msewu usanatsekeke. Anavala chikhoti chake n'kugwira chitseko cha ofesi. Sichinatseguke.

Chitseko chimenecho chinalibe loko. Chinali cha mkati, chipale sichikanachifika. Tinakoka tonse awiri. Chogwirira chinkazungulira bwinobwino, koma chitseko chili nji, ngati wina wachitsamira.

Kumbuyo kwathu makina anadzuka okha. Anakoka pepala, analitulutsa. Myrtle anapita kukaona. Sanalitole, anangondiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndi la Wendell kachiwiri.

Kenaka fungo. Nyambo yovunda, madzi amchere, ndi fodya wopichira. Fakitale inali itatsukidwa ndi kutsekedwa kuyambira December, munalibe nyambo ngakhale imodzi. Mphepo inali ikulira padenga, koma pansi pa kulirako tinamva china. Jombo. Jombo zodzaza madzi, zikubwera m'khonde pang'onopang'ono. Phwa. Phwa. Phwa.

Zinaima pa kazenera.

Madzi anayamba kulowa pansi pa khoma la matabwa, kamzere kakang'ono, n'kufika pa mwendo wa tebulo langa.

Go, go.

Kawiri. Chitsulo pa thabwa.

Myrtle anandigwira mkono. Ananong'ona kuti, "Mpatse chake, mwali."

"Ndikampatsa, tonse tathera pomwepo."

"Ndiye muuze wekha. Ali pomwepo."

Ndinayesa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene bwana anandiuza, za anthu 73, za mwana wanga. Koma unganene chiyani kwa munthu amene unkamupatsa envelopu ndi dzanja lako, iye n'kumathokoza? Mantha ndinali nawo, koma chimene chinandifoola ndi manyazi.

Sanagogodenso. Anangodikira. Tinkamva madzi akudontha kuchokera m'zovala zake. Tho. Tho. Chotenthetsera m'chipinda chinali choyaka, koma mpweya wathu unkaoneka.

Ndinatsegula kabati ya pansi n'kutulutsa kabuku kanga ka maenvelopu. Masabata 27, kuyambira May mpaka sabata imene anagwa. Madola 600 pa sabata. Ndinalowetsa dzina lake pa kompyuta monga wantchito. Ndinalemba 16,200 m'bokosi la malipiro. Ndinalembanso mu 24. Ndinalembanso mu 26.

Ndinasindikiza. Kanatuluka kouma, kofunda.

Kazenera sindinakatsegule, ndipo sindichita manyazi kunena. Pansi pa thabwalo panali kampata kopitira envelopu. Ndinalowetsa kapepalako theka. Kanakhala pamenepo kanthawi. Kenaka kanakokedwa kuchokera mbali inayo, mwaulemu, mpaka kanatha.

Ndinathamangira ku chitseko. Chinali chikadali nji.

"Sunatumize," anatero Myrtle.

Ndinamuuza kuti intaneti inafa masana. Anati ndingoyesa. Ndinkadziwa kuti kapepala ka m'manja ndikhoza kukakana mawa, koma zopita ku boma sizibwerera. Ndinakhala pansi. Ndinaganiza za mwana wanga, amene anali atangogula galimoto. Ndinadina.

Zinapita. Mayina 74. Uthenga wotsimikiza unabwera nthawi yomweyo, ndipo foni ya patebulo inali ikadali yakufa.

Chitseko chinalira chokha n'kutseguka pang'ono. Myrtle ndiye anali pafupi. Anasuzumira m'khonde, anakhala choncho kanthawi, kenaka anachitseka msanga n'kuchitsamira ndi msana. Ndinamufunsa chimene waona. Anapukusa mutu. Anati tidikire mwamuna wake. Tinadikira mpaka cha m'ma 6 koloko pamene mwamunayo anafika ndi galimoto yokankha chipale. Myrtle anakana kudzera m'khonde. Tinatulukira pa zenera la kunja, azimayi akuluakulu awiri, ngati ana othawa sukulu.

Rowena amalandira penshoni yake ndipo akadali m'nyumba mwake. Anandiuza kuti kapepalako anakapeza m'bokosi lake la makalata Loweruka m'mawa, kopanda envelopu, ndipo anandithokoza kuti ndinayenda m'chipale chonsecho kukakasiya. Sindinamutsutse. A boma anabwera mu June. Zinachitika monga ananenera a Snook. Fakitale inatseka chaka chomwecho, mwana wanga anapita kukafuna ntchito ku Alberta, ndipo pali anthu m'mudzi muno amene mpaka lero sandipatsa moni. Sindiwaimba mlandu.

Myrtle anandiuza za m'khonde muja patapita chaka, tikumwa tiyi kukhitchini kwake. Anati Wendell sanamuone, anali atapita. Koma pa kazenera panali mzere. Amuna ataima mwakachetechete, zipewa zili m'manja, mpaka kukafika kumene khonde limakhota. Ena anawazindikira. Anatchula a Eli Keeping, amene tinawaika m'manda zaka khumi zapitazo, mkazi wawo n'kufera m'nyumba ya okalamba ku tauni wopanda kalikonse. Anatchulanso ena atatu. Onsewo maenvelopu awo ndinkamata ndine.

Fakitale kulibe tsopano. Makiyi ndinabweza, mabuku anatenga a boma, ndipo ndilibenso polembera kapepala ka munthu aliyense. Ndinamufunsa Myrtle ngati iwo aja akudziwa zimenezo. Anazunguza kapu yake patebulo, nati sakuganiza kuti akudziwa.