Usagone Paphiripo

Chaka chimenecho dera lathu la m'mapiri linasinthana achinyamata ndi dziko lina lakutali, lamapirinso koma lozizira koopsa. Mayi wina, telala wa pamsewu wopita kumathithi, anapereka mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, n'kulandira mtsikana wachilendo, wamtali kwabasi. Aneba sanachedwe kumutcha Nsungwi. Pachilankhulo chathu ankangodziwa "zikomo", ndipo ankathokoza ndi galu yemwe.

Tsiku lina Nsungwi anabwera atatopa, atakwera phiri ndi anzake n'kujambula mathithi mpaka foni kudzaza. Anadya, n'kukagona pabedi la mwana uja. Telala anatsala pamakina, akumalizitsa diresi ya kasitomala.

Kenako anamva kuitana kuchipinda.

"Amayi."

Phazi linaima pachopondera. Mawuwo anali a mwana wake, ndi kakokedwe kake komwe.

Analowa monyang'ama. Nsungwi anali m'tulo tofa nato, mapazi ali kunja kwa bulangete. Milomo yokha ndiyo inkayenda.

"Amayi, kuno kukuzizira. Anzanga sindikuwaona. Kwangoti mbuu."

Mantha anamugwira, koma mayi ndi mayi. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Uli kuti?"

"Paphiri. Ndakhala pansi pa thanthwe. Ndigoneko pang'ono."

Telala anali asanaonepo chisanu cha kumeneko. Koma mtima unamuuza kuti tulo timeneto munthu sadzuka nato.

"Ugone ine ndikulankhula? Mwano umenewo unauyamba liti? Tsegula maso!"

Anamukalipira za sizasi imene anataya chaka chatha. Anamufunsa za mnyamata wa njinga amene ankamubisa uja. Anamuimbitsa nyimbo, n'kumutchulitsa abale onse a bambo ake, aliyense ndi khalidwe lake loipa. Mawu akayamba kuzilala, iye ankautsa mkangano wina, misozi ili chuchuchu.

Kunja kukuyera, mawu aja anati, "Amayi, ndikuona matochi. Agalu akuuwa."

Basi, kunangoti zii.

Nsungwi anadzuka pakhosi pakumuwawa, osadziwa kanthu. Akumwa tiyi, foni ya telala inalira. Anali bambo wa ku ofesi yoona za alendo, akulankhula mozungulira ngati wodzapepesa maliro.

"Mayi, musadzidzimuke. Talandira uthenga pompano. Mwana wanu dzulo anasochera paphiri, koma…"

"Amupeza, ndikudziwa," anatero telala, mawu atasasa. "Mungomuuza kuti tsopano atha kugona."