Khomo Lomwe Jun-seop Sanagogode

M'nyumba ya a Ok, mkulu wa mpingo, tsiku linkayamba ndi pemphero. Mwana wawo Jun-seop atalembedwa ntchito yofufuza kwawo kwa akaidi oyembekezera kumasulidwa chilango chisanathe, bambowo anamuuza kuti cholembera nachonso chimachitira umboni, ndipo Mulungu amawerenga.

"Mwanangu, usadzalembe za khomo lomwe sunagogodepo."

Poyamba Jun-seop ankayendadi kukafika kumakomoko. Kenaka anazolowerana ndi a Bang, wamkulu wake pantchito, amene ankamukokera ku nyama yootcha ndi mowa wa soju. Mayi ake a Jun-seop atamva fungo la mowa anadandaula, koma iye anayankha kuti wamkulu akakuthirira sukana.

Tsono kunabwera nkhani ya Pyo Man-gil, mkaidi amene ankanena kuti mayi ake okalamba a pachilumba adzamulandira. Bungwe lomasula akaidi linkafuna umboni wa zimenezo. Sitima yopita kumeneko inkanyamuka m'mamawa, ndipo inamusiya Jun-seop ali gone ndi matsire.

"Iwe kamwana ka mpingo, ukufuna ukasanzire nsomba za eni?" anamuseka a Bang. "Imba lamya kusitolo ya padoko. Kumeneko amadziwa ndi za mawa zomwe."

Anaimba. Mwini sitolo anati gogoyo ali ndi mwana mmodzi yekha, wogwira ntchito m'sitima za kunja, ndipo za mkaidi sanazimvepo. Jun-seop analemba kuti Man-gil alibe womulandira, pakuti kwawo anamukana. Bungwe linakana kumumasula.

Jun-seop akadagogoda pakhomo pa gogoyo, akadamva kuti nkhani ya sitima za kunja anaipeka gogoyo pobisa manyazi kwa anansi. Akadaonanso chipinda chosesedwa ndi chofunda chatsopano chopindidwa pakona. Tsiku lomasula akaidi, gogoyo anafika pachipata cha ndende atanyamula tofu yoyera, chakudya cha soya, yoti adyetse mwana wake akangotuluka, monga achitira onse. Ana a ena anatuluka nadya. Iye anaima m'chisanu mpaka chipata chinatsekedwa, ndipo chifuwa chimene anachitenga pamenepo chinamupha mwezi usanathe.

Mbusa wa kundende ndi amene anabweretsa uthengawo. Jun-seop anathamangira kwa akuluakulu naulula zonse, koma anamuuza kuti bungwe lidzakhalanso chisanu chikatha, ndipo tsopano womulandirayo kulibedi. A Bang anangoyang'ana pazenera.

Jun-seop anapita kundende kukapepesa. Man-gil anamvetsera kuseri kwa galasi, osatukwana.

"Ndiye kuti amayi sanandikane?"

"Sanakukaneni."

"Nanga ine ndinasiyiranji kuwapempherera?"

Jun-seop anabwerera kunyumba. Bambo ake anagwada naye pamodzi, namuuza kuti Mulungu amakhululukira wolapa, koma tsiku lija salibwezera.

Ana inu, ulesi umabala umboni wonama, ndipo goli lake amasenza ndi wosalakwa. Musanenere munthu zimene simunapite kukaziona.