Sikwelo Kapena Esi-Kyu-Elo?

Ennie anali pa siteshoni ya minibasi ku Jumbe, kabuku kali pamwendo, akubwereza chapansipansi: "Esi-kyu-elo, esi-kyu-elo..."

"Mwaswera bwanji asisi? Limenelo ndi dzina la chibwenzi?"

Atatukula mutu anaona mwamuna wamtali, wa mpata kumano, akumwetulira.

"Ayi! Ndi SQL, chilankhulo chofunsira kompyuta kuti itulutse zimene yasunga. Ndikuphunzira ndekha pa foni."

"Ndimachidziwa, koma odziwa amati sikwelo. Ndine Obrien, wa ku Kitwe. Ndimaphunzitsa makompyuta kusekondale kuno."

"Zilembo n'zitatu basi. Nanga 'kwe' ameneyo mwamutola kuti?"

Anatsutsana mpaka ku Mfuwe, akuseka. Potsika anali atapatsana kale manambala.

Ennie ankachapa nsalu zofunda pa loji ina kufupi ndi Chinzombo, manja ake atasuwa ndi sopo. Ankalakalaka ntchito ya muofesi. Loweruka lililonse Obrien ankabwera ndi laputopu kudzamuphunzitsa, ndipo pasanathe miyezi iwiri chikondi chinali chitamera mizu.

"Switi wanga," unkatero uthenga wa m'mawa, "nena sikwelo kamodzi kokha, mtima wanga ukhale pansi."

"Esi-kyu-elo! Ugonje ndiwe, dali."

"Ndagonja kale, mayi wa ana anga. Mvula isanagwe ndituma anthu kwa amalume ako. Ndikulumbira!"

Ndani sakanakhulupirira? Wogonja anadzakhala Ennie. Anayamba kunena sikwelo, ndipo lilime linkamukomera.

Kenaka bungwe lina loteteza nyama ku Lupande linalengeza kuti likufuna kalaliki wosunga pa kompyuta mbiri ya minda yowonongedwa ndi njovu. Ennie atatchula dzina la bungwelo, nkhope ya Obrien inagwa.

"Kumeneko usapiteko. Amazunza antchito. Ndikupezera ina."

Ennie anavomera pakamwa pokha. Analemba kalata yofunsira ntchitoyo mwakachetechete, kuti adzamudzidzimutse ndi nkhani yabwino.

Tsiku la intavyu anapeza mayi waulemu, wovala magalasi, wochokera ku likulu la bungwelo ku Lusaka. Anati dzina lake ndi Mwiche.

"SQL mumaidziwa?" mayiyo anafunsa, akutchula chilembo chimodzichimodzi.

"Eya madamu, sikwelo ndimaidziwa."

Anamupatsa kompyuta kuti atulutse midzi imene njovu zinalowa kuposa katatu. Ennie analemba, ndipo mayina anandandalika bwinobwino.

"Mwakhoza! Lolemba muyambe, eyiti koloko," anatero a Mwiche. Kenaka anaseka. "Koma inunso mumati sikwelo? Musadandaule, matchulidwe onse awiri ndi olondola. Kungoti kwathu nkhondo yake yatha zaka seveni. Ine ndimatchula zilembo, amuna anga amati sikwelo. Ali kunokuno, amaphunzitsa kusekondale. Onani, awa ali ndi mwana wathu Hillary."

Anamuonetsa chithunzi pa foni. Mpata wa kumano uja! Malaya amene Ennie anasita ndi manja ake!

"Mwatani, mwana wanga? Mwatuwa nkhope. Imwani madzi."

"Ndi kutentha, madamu. Zikomo."

Ennie anatuluka, n'kukatsamira mtengo wa bwemba kuseri kwa ofesi. Misozi inangoti mbwembwembwe. Akawauza chiyani amalume ake, amene anali atauza kale abale kuti kukubwera alendo? Aikane ntchito imene anaivutikira chonchi? Nanga akaivomera, mayi wokoma mtima uja azimuyang'ana bwanji kumaso?

Foni inalira. Unali uthenga wa Obrien: "Switi, Loweruka lino sindibwera, kuli msonkhano wa aphunzitsi. Ndakusowa mpaka kudwala!"

Ennie anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"A Obrien, msonkhano wanuwo ndauona, wavala magalasi. Akazi anu ndi munthu wabwino, andilemba ntchito. Musadzandiimbirenso."

Foni inaitana kasanu. Ennie anaithimitsa, nasamba kumaso pampopi, n'kubwerera muofesi kukasaina mapepala a ntchito.