Mlendo wa Pachilumba cha Mbalame

"Imani pomwepo, achimwene! Muponda mazira!"

Mnyamata wina wojambula zithunzi anaima mwendo uli m'mwamba. Amene anakuwayo anali mtsikana wolondera zisa za mbalame zam'nyanja pachilumba chakutalicho. M'chilimwe mbalamezo zinkaikira mazira pamchenga penipeni.

"Pepani, asisi. Maso anga anali pa inu."

"Boti lakubweretsani kudzaona mbalame. Ine ndine mbalame?"

"Ndinu yosowa kuposa zonse."

Mtsikanayo anayang'ana kumbali kubisa kumwetulira.

M'mawa uliwonse ankamutengera kumatope komwe mbalame za miyendo italiitali zinkatera, zitatopa ndi ulendo wochokera kumaiko ozizira. Ankabisala limodzi m'udzu, mapewa atagundana, akunong'onezana.

"Kambalame kanga, ndikangopereka zithunzizi kuntchito, ndidzabwera ndi amalume kudzaonekera kwanu."

"Usandinamize, wokondedwa. Mtima wanga ndi umodzi."

"Ndikunamize iwe? Ndalumbira!"

Atachoka, mtsikanayo anasowa mtendere. Chakudya sichinkatsika. Netiweki inkagwira pamwamba pa thanthwe pokha, ndipo ankakwerako mpaka mawondo kusupuka. "Ndakusowa, moyo wanga," uthenga wa mnyamatayo unkatero. Nanga bwanji sankayankha akamuimbira? Amalumewo anali kuti? Mazira anaswa, anapiye anamera nthenga, munthu osaoneka.

Tsiku lina boti linabweretsa alendo atsopano. Pakati pawo panali mayi wachikulire wansangala, magalasi oonera patali ali m'khosi.

"Mwanawe, ndiwe wolondera uja eti? Mkamwini wanga amakutama kwabasi! Ndi wojambula, anali konkuno zisa zikuyamba."

"Mkamwini wanu, amayi?"

"Eya, uyu apayu." Anamuonetsa chithunzi pafoni. Anali yemweyo, atavala suti, atakumbatira mkwatibwi. "Mwana wanga amafunitsitsa kubwera, koma ndi woyembekezera. Mafunde aja sakanawatha."

Mtsikanayo anayang'anitsitsa chithunzicho. Mbalame zinkalira pamwamba pake ngati zikumuseka.

"Bwanji misozi, mwanangu?"

"Ndi mphepoyi, amayi. Tiyeni, pondani momwe ndikupondamo."

Anawaonetsa chisa chilichonse, mawu osanjenjemera. Atafika nawo pathanthwe, foni yake inalira. "Duwa langa, ndakulota. Ukutani?"

Anapukuta m'maso, nalemba pang'onopang'ono: "Ndikuyendetsa apongozi anu, bambo. Afika bwino. Akuti musamalire akazi anu."

Anazimitsa foni, nagwira mayiyo dzanja kuti asaterereke potsika.