Mawu a Malemu pa Shelefu ya Mafoni

Chodabwitsa choyamba chinali chaching'ono, moti wina akanangoti ndi kuiwala chabe. Nkhutukumve atafika ku ofesi m'mawa, anapeza ntchito yonse imene anasunga pa seva, kompyuta yaikulu ya kampani, dzulo lake itazimiririka, ndipo m'malo mwake mutabwerera khodi yakale, malangizo a kompyuta olembedwa ndi malemu achimwene ake. Dzina la Nkhutukumve anam'patsa ndi achimwene akewo, chifukwa kuyambira ali mwana ukamuuza kuti kumanzere, iye ankayamba wafunsa kuti kumanja kwalakwanji.

Kampani yawo inali ndi pulogalamu yotsogolera anthu onyamula katundu pa njinga zamoto. Malemu anailemba mwachikale, ina ya pa webusayiti, ina ya mafoni a mtundu uwu, ina ya mafoni a mtundu uwo, ndipo ukasoka pano kunkang'ambika uko. Atamwalira, mpando wawo unagwera mlongo wawoyu, ndipo iye anayamba kusamutsira zonse m'chimango chatsopano, zida zimene umalemba nazo kamodzi n'kugwira pa foni iliyonse ndi pa webusayiti pomwe. M'pulogalamu yatsopanoyo mawu olankhula kwa oyendetsa njinga anali a makina. M'yakale ija anali a malemu enieniwo, amene anadzijambula okha.

Anabwezeretsa ntchito yake kuchokera pa laputopu, osauza munthu. Koma m'mawa wotsatira zinachitikanso, ndipo ulendo uno mayi woyesa mapulogalamu anatsegula mbiri ya zosintha n'kuona dzina la amene anachita zimenezo usiku. Linali la malemu.

Manong'onong'o sanachedwe kudzaza chipinda. Mlonda wa pageti ankalumbira kuti pakati pa usiku mafoni oyesera, amene ankakhala pa shelefu atalumikizidwa ku zingwe, ankayaka okha n'kumalankhula ndi mawu a munthu amene onse anakamuika m'manda. Ena ankati malemu sakufuna kuti nyumba yawo iphwasulidwe. Ena ankati mlongo wawo anafulumira kukhala pa mpando usanazizire. Onse ankalambalala kompyuta yakale ya malemu, imene inali pakona itafunditsidwa nsalu, ikung'ung'udzabe chapansipansi.

"Tingoizimitsa imeneyi," anatero Nkhutukumve kwa abwana.

"Ndani akudziwa kuti ikazima chigwe n'chiyani?" anayankha abwana motsitsa mawu, maso ali pakona paja. "Tamvera, eni ntchito akubwera kudzaona pulogalamuyi. Zako zikasowanso, tikhala ndi zakale zomwezo, ndipo iwe ndikuchotsapo pa ntchitoyi. Sindingalimbane ndi akufa."

"Ine ndinalimbana nawo ali moyo, bwana, sindinawagonjere. Ndiwagonjere lero ali chigonere?"

Analankhula molimba, koma mumtima munali chilonda. Achimwene akewo ndi amene anam'phunzitsa kulemba mzere woyamba wa khodi, ndipo zinkamuwawa kuti anthu awasandutse chiwanda cholondera zolakwika zawo zomwe. Anaganiza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo, anzake akuweruka, anatsanzika ngati wina aliyense, kenako anazemba n'kukabisala kuseri kwa kabati ya mapepala mlonda asanakhome zitseko.

Magetsi atazima, mu ofesimo munagwa mdima wa ndiweyani. Zimene masana sizimveka zinayamba kumveka zonse. Mpopi wa kuchipinda chotsukira makapu unkadontha pang'onopang'ono, furiji inkanjenjemera n'kukhala chete, ndipo kompyuta ya pakona inkapuma ngati munthu wodwala chifuwa. Kunja galimoto zinatha mumsewu, agalu anauwa kutali n'kusiya, kenako kunangoti zii. Miyendo inachita dzanzi, koma sanasunthe.

Ndiye anamva kiyi ikutembenuka m'chitseko. Munalowa chinthu chofunda nsalu kumutu, chikuyenda popanda nsapato, mapazi akumata pansi n'kumatuka. Sichinapapase khoma kufuna magetsi, chinkaidziwa njira. Chinalunjika pakona, chinavundukula kompyuta ija, ndipo kuwala kotuwa kunamwazika kudenga. Panamveka kudina kumodzi kokha.

Pa shelefu mafoni anayamba kuyaka, ina pambuyo pa inzake, yaikulu, yaing'ono, mpaka yakale yosweka galasi ya kumapeto. Kenako onse pamodzi analankhula, ena akutsalira pang'ono ngati mpingo woyimba mosakonzekera.

"Mwafika bwino. Pumulani kaye."

Thupi lonse la Nkhutukumve linachita tsemwe. Anali mawu a achimwene ake, ndi kakusasa komwe kaja ka munthu wokonda kugona mochedwa. Mwendo umodzi unkafuna chitseko. Koma pansi pa mawuwo anamva kena, kufwenthera kwa munthu amene akulira mobisa. Mizimu sifwenthera. Anaimirira n'kuyatsa magetsi.

Nsalu inagwa. Anali alamu ake, mkazi wa malemu, atakumbatira foni yosweka ija pachifuwa.

"Alamu," anatero Nkhutukumve monong'ona. "Inu?"

"Musandikalipire," anayankha mayiwo, osadzutsa nkhope. "Akudwala anandionetsa batani limodzi ili. Anati zinthu zikasokonekera iwo ali kuchipatala, ndizingodina, zonse zibwerera mmene anazisiyira. Tsiku lina ndinabwera kudzatenga jekete lawo, ndinamva mafoni akulankhula mawu achilendo. Ndinadziwa kuti mwawachotsa."

"Nanga alonda?"

"Amanditsegulira. Za mizimuzo anapeka okha kuti anthu asamafunse."

Ukali umene Nkhutukumve anausunga masiku onsewo unasowa pogwera. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Anakhala pansi pafupi ndi alamu ake.

"Mukudziwa kuti mukundichotsetsa ntchito?" anafunsa.

"Sindinkadziwa. Ine ndimangofuna wina wondiuza kuti ndafika bwino. Kunyumba kuja kulibe."

"Zakalezi sindizibwezera, alamu, olo mulire mpaka kuche. Zinali zovunda, ndipo eni ake ankadziwa. Koma mawuwo si khodi. Ndiwanyamula, alowa m'nyumba yatsopano."

Anatsegula laputopu pomwepo. Anakopera mawu onse a malemu, akuwamvetsera amodziamodzi mpaka omaliza, alamu ake akugwedeza mutu pa alionse: khotani kumanja, katundu walandiridwa, chepetsani liwiro. Anafufuta mawu a makina aja n'kuika amenewa. Atatha, anaitana mlonda, amene anabwera mutu uli pansi ngati galu wakuba mazira, n'kumuuza kuti aperekeze mayiwo kunyumba.

Anatsala yekha. Anapita pakona, anagwira chingwe cha kompyuta imene aliyense ankaiopa, n'kuchizula kukhoma. Kung'ung'udza kuja kunafa pang'onopang'ono, ndipo palibe chimene chinagwa. Anatumiza pulogalamu yatsopano ku seva ndi ku mafoni onse. Anayaka ndi nkhope imodzi yofanana, webusayiti nayonso chimodzimodzi, ndipo achimwene ake analankhula m'chimango chatsopano mosatsalirana.

Kunja kunali kutayamba kuyera pamene anatola chikwama chake. Ali pakhomo, dzanja lili pa swichi ya magetsi, foni yosweka ija inayaka yokha. Alamu ake anali ataisiya patebulo, yosalumikizidwa ku chingwe chilichonse.

"Nkhutukumve," inatero, motsitsa, ndi kakuseka kumapeto. "Sumamva iwe."

Mawu amenewo sanali pakati pa amene anakopera. Anali atawamvetsera onse, ndipo dzina lake munalibe. Anaima nganganga, misozi ikulengeza. Kenako anabwerera, anainyamula foniyo, anaiika pamalo pake pa shelefu, n'kuilumikiza bwinobwino kuti eni ntchito akabwera adzaipeze ili ndi moto.

"Ndamva, achimwene," anatero. "Koma sindisintha. Kagoneni, ntchito ndi yanga tsopano."

Anazimitsa magetsi n'kukhoma chitseko.